AMAKANIKA A KU PETAUKE NDI KU NYIMBA AUKITSA MALOLE AKALE

MUNTHU ali yense amene anayendapo pa mseu waukulu wa Great East Road m'mwezi wa October adziwa bwino mapiri amene ayambira pa ulalo wa Luangwa kulinga ku Kacholola ndi ku Nyimba. Pa ulalopo dziko liri pansi kwambiri, mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo masana kutentha kumafika madigiri 40. Boma la Petauke liri pamwamba pafupi-fupi mamita 1,000. Lole yosenza feteleza kucokera ku Lusaka iyenera kukwera zitunda zonsezi pa giya yaing'ono, iri kubuula, ndipo mphepo yoomba pa rediyeta imakhala yocepa ndiponso yotentha. Kumeneko ndiko injini zambiri zimawirira. Nthambi zaziwisi zoyalidwa pa tara, boneti yotsegula ndi mnyamata wotsikira ku mtsinje ndi cigubu m'manja ndi zinthu zimene apaulendo anazizolowera. Malole ena amapola ndi kupitiriza ulendo. Ena amafika ku Nyimba kapena ku Petauke ocita kukokedwa, ndipo makanika akaona madzi a mu rediyeta ali kucita thobvu, amauza mwini lole mau amene iye safuna kuwamva, akuti hedi yapita.

Hedi, kapena silinda hedi, ndiwo mutu wa injini. Ndi citsulo colemera cimene cimakhala pamwamba pa masilinda monga cibvundikiro pa mphika, ndipo pakati pa ico ndi thupi la injini, limene amakanika amalicha buloko, pamakhala gasiketi yotseka mpata uli wonse. M'kati mwa hedi muli mavalavu olowetsa mpweya ndi ena oturutsa utsi, muli mainjekita opopera dizilo, muli njira za oilo, ndiponso muli tinjira tokhota-khota m'mene madzi amayenda kuti acotse kutentha. M'injini ya dizilo pisitoni imapanikiza mpweya kufikira utacepa ka 16 kapena ka 17, ndipo mpweyawo umatentha kupitirira madigiri 500, kotero kuti dizilo akapoperedwa amayaka yekha popanda pulagi. Moto umenewu umaomba nkhope ya hedi kambiri-mbiri pa mphindi iri yonse, pamene kuseri kwa khoma locepa la citsulo kuli madzi. Madziwo akamayenda zonse ziri bwino. Akacepa kapena akaima, citsulo cimafufuma mosalingana, hedi imapindika, gasiketi imapsa, ndipo nthawi zina mng'alu umabadwa pakati pa mavalavu awiri pamene citsulo ciri copyapyala koposa.

Hedi za malole akale ndi za citsulo cosungunula ndi kuthira m'cikombole, mtundu womwewo wa mphika wa miyendo itatu. Citsulo cotere ciri colimba koma sicipirira kuzizira kwa mwadzidzidzi. Woyendetsa amene athira madzi ozizira a mu mtsinje m'injini imene yangowira kumene, kawiri-kawiri ndiye amene amamaliza kuipha.

MALOLE AMENE AKANA KUFA

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 kufikira m'ma 1980, nshawa za Chalimbana, cimanga, thonje ndi mpendadzuwa za alimi a m'dziko la Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi la Mfumu Ndake zinali kunyamulidwa ndi malole a Bedford, Leyland, Tata ndi Mercedes-Benz ya mphuno yaifupi. Bedford ya mtundu wa TJ inayamba kupangidwa ku England mu 1958, ndipo injini yace ya dizilo yodziwika kwambiri inali ya 330, ya masilinda asanu ndi imodzi. Mercedes-Benz inaturutsa injini ya OM 352 mu 1964. Kampani ya General Motors inaleka kupanga malole akulu a Bedford mu 1986, ndipo fakitale yace ya ku Dunstable inagulitsidwa mu 1987 kwa kampani ya AWD, imene nayonso inagwa mu 1992. Lero kulibe fakitale ya Bedford kumene munthu angaitanitseko hedi yatsopano. Magasiketi ndi mavalavu opangidwa ndi makampani ena amapezekabe m'masitolo, koma kawiri-kawiri hedi yeni-yeniyo ndi yomweyo imene iri pa injini, kapena ina yocokera pa lole inzace imene inafa kale.

Luso lokonza zitsulo zotere linakula pa nthawi ya mabvuto. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama za kunja zinasowa, ndipo wa sitolo anali kudikira miyezi yambiri kuti alandire cilolezo coitanitsira masipeya. Malonda opikisana pogula ndalama za kunja, amene anayamba mu October 1985 ndi kulekeka mu May 1987, anagwetsa mphamvu ya kwacha, ndipo mitengo ya zitsulo inakwera koopsa. Acikulire akumbukira milu ya matumba a cimanga a NAMBOARD ndi a makopaletivu iri kudikira m'madepoti mvula itayamba kale, cifukwa malole anali atakhala pa miyala kusowa matayala ndi masipeya. Bungwe la NAMBOARD, limene linakhazikitsidwa mu 1969, linathetsedwa mu 1989. Makanika wa masiku amenewo sanali kutaya kanthu, ndipo ambiri mwa amene ali ndi magalaji lero anaphunzira nchito kwa anthu otero.

Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mseu unadzaza ndi malole ogwiritsidwapo kale nchito ocokera ku Japan, monga Mitsubishi Canter, Fuso, Isuzu ndi Hino, ndipo m'zaka zapafupi kwabweranso akulu-akulu a ku China. Malole akale aja atsala owerengeka. Amatuta mcenga, njerwa, matabwa ndi mbeu m'miseu ya kumidzi imene mwini lole yatsopano amaiopa. Alibe kompyuta, munthu angathe kuwamasula pansi pa mtengo wa mango, ndipo ngongole yace inatha kale-kale. Koma lole yotere ikagona kuyambira June kufikira October, nyengo imene alimi amapereka cimanga ku madepoti a Food Reserve Agency ndi kwa ogula ena, mwini wace wataya ndalama za caka conse. Alimi a kumene iye amafika nawonso amakakamizika kugulitsa mbeu zao pakhomo, pa mtengo umene wogula wafuna.

Mwini lole wambiri amathamangira kukafuna hedi ina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Njira imeneyi si yoipa, koma hedi yogulayo iri ndi zaka zofanana ndi yaceyo, ndipo palibe amene adziwa cimene cinapha lole imene inacokerako. Iyenera kupimidwa monga momwe ipimidwira ina iri yonse.

KUMASULA NDI KUWERENGA

Makanika wodziwa nchito sathamangira sipanala. Amayamba wafunsa kuti injini inawira kangati, inayenda mtunda wotani itawira, ndiponso ngati inathiridwa madzi iri yotentha. Amayang'ana oilo ngati wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, amaona ngati utsi uli woyera ngakhale injini itatentha, ndipo amafunsa ngati madzi anali kutha popanda podonthera pooneka. Akatero amadikira injini izizire kweni-kweni, pakuti hedi yomasulidwa iri yotentha ingathe kupindika pomwepo m'manja mwace.

Mainjekita amacotsedwa coyamba, cifukwa nsonga zace zimaturukira pang'ono kunsi kwa hedi ndipo zingaphwanyike ikaikidwa pansi. Mabauti amamasulidwa pang'ono-pang'ono, kuyambira kumapeto kulinga pakati. Timitengo ta citsulo tokankha mavalavu, ndi mavalavu omwe, amasomekedwa pa katoni yobooledwa ndi kulembedwa manambala, kuti ciri conse cidzabwerere pa malo pace pamene cinazolowera. Hedi ikamatirira, kuikanula ndi sikuludiraiva pakati pa nkhope ziwiri ndi kulakwa kwakukulu, pakuti kabala kakang'ono kamene kangatsale pamenepo kadzakhala njira ya moto. Hedi ya masilinda asanu ndi imodzi imalemera ngati thumba la cimanga la makilogalamu 50 kapena kuposa, ndipo imafuna anthu awiri kapena cheni yokwezera.

Gasiketi yakale sitayidwa msanga. Pamene moto unadutsa pamakhala mzera wakuda, pamene madzi analowera pamakhala dzimbiri, ndipo silinda imene inali kumwa madzi imaoneka yoyera kuposa zinzace cifukwa nthunzi inatsuka mwaye wonse. Apa pali cenjezo limene amakanika a kale sanali kulidziwa. Magasiketi ambiri a nthawi imeneyo anali ndi asibesito m'kati, ndipo pfumbi lace likapumidwa limaononga mapapo patapita zaka zambiri. Zotsalira za gasiketi ziyenera kunyowetsedwa ndi kupalidwa ndi dzanja, osati kuziulutsa ndi makina opera kapena ndi mpweya wa kompulesa.

Hedi ya citsulo ingathe kubviikidwa m'madzi otentha a kositiki soda kuti mafuta ndi mwaye zicoke, koma mankhwala omwewo amadya hedi ya aluminiyamu, ndipo amaocha khungu ndi maso. Tizitsekero tozungulira ta m'mbali, timene timatseka njira za madzi, timacotsedwa kuti m'kati muoneke. Zimene zimaturuka m'menemo zimadabwitsa mwini lole: matope, dzimbiri ndi zoyera zouma zonga zimene zimakhala pansi pa ketulo yakale.

MNG'ALU UMENE DISO SILIONA

Pano ndi pamene pagona nchito yonse. Hedi yotsukidwa bwino imaoneka yamoyo, koma mng'alu wocepa kuposa tsitsi ungathe kubisala pakati pa mipando ya mavalavu kapena pa bowo la injekita, wotsekeka citsulo cikazizira ndi kutseguka cikatentha. Njira yakale yoususulira ndi ya palafini ndi coko. Makanika amanyowetsa nkhope ya hedi ndi palafini, amadikira kuti alowerere, amapukuta mpaka pauma, kenaka amapaka coko wosungunula mu sipiriti. Coko akauma, palafini wobisala mu mng'alu amabwerera kunja ndi kulemba mzera wakuda pa coyeraco. Masiku ano kuli mankhwala ofiira a m'zitini zopopera amene amagwira nchito mofananamo. Koma njira zonse ziwirizi zimaona kunja kokha. Mng'alu wa m'kati umapezeka pokha-pokha hedi ikatsekedwa mabowo onse a madzi, kupoperedwa mpweya ndi kumizidwa m'thanki la madzi otentha, pamene tithobvu timaonetsa podonthera.

Cotsatira ndi kupima ngati nkhope iri yowongoka. Rula ya citsulo yoongoka kweni-kweni imagonekedwa pa hedi m'litali, m'mimba ndi mopingasa kucokera ngondya ina kufikira ina, ndipo timasamba ta citsulo ta fila geji timayesedwa kunsi kwace. Buku la fakitale ndilo limanena malire a injini iri yonse, koma pa hedi zambiri mpata wopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita uli kale wocuruka. Kumeneko ndi kucindikala kwa pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu. Diso silingaone zimenezi, cala sicingazimve, ndipo makanika amene angosisita hedi ndi dzanja nanena kuti iri bwino ali kungolota.

Hedi yopindika iyenera kupalidwa ndi makina, nchito imene amakanika amati kusikima. Imeneyi, pamodzi ndi kupima kwa m'thanki, si nchito ya pansi pa mtengo. Hedi imakulungidwa m'matumba, nkhope yace itachinjirizidwa ndi thabwa, ndi kutumizidwa ku mashopu a makina, kawiri-kawiri ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 400 kucokera ku Petauke. Ena amayesa kupewa ulendowu mwa kukwecesa hedi pa galasi lomatidwa sandipepa. Pa kainjini kakang'ono ka pampu zimatheka, koma pa hedi yaitali ya lole manja amadya kwambiri kumapeto kuposa pakati, ndipo bvuto limangosamukira pena.

Kusikima nako kuli ndi malire. Hedi iri yonse iri ndi muyeso umene siyenera kucepa kupitirira pamenepo, ndipo ya zaka makumi anai kapena asanu mwina inapalidwa kale kawiri kapena katatu. M'injini ya dizilo pisitoni imafika pafupi kwambiri ndi hedi. Nkhope ikapalidwa, mavalavu amayandikira pisitoni ndipo nsonga za mainjekita zimaturukira kwambiri. Cotero mipando ya mavalavu iyenera kuzamitsidwa molingana ndi zimene zacotsedwa, ndipo mainjekita amakwezedwa ndi mawashala a mkuwa a muyeso woyenera. Zimenezi zikaiwalika, valavu ndi pisitoni zidzakomana, ndipo mwini lole adzalira injini yathunthu.

Nanga mng'alu ukapezeka? Wa pa mpando wa valavu nthawi zina umatha mwa kukumba mpandowo ndi kulowetsapo mphete yatsopano ya citsulo colimba. Ming'alu ina imasokedwa popanda moto, mwa kuboola timabowo motsatizana ndi kulowetsamo timabauti tolumana. Kuocherera kumatheka, koma hedi yonse iyenera kuyamba yatenthedwa mpaka madigiri mazana angapo, ndipo pambuyo pace izizire pang'ono-pang'ono usiku wonse itakwiriridwa mu mcenga wouma kapena phulusa. Woocherera mageti ndi mafelemu a mazenera amene angoika moto wa magetsi pa hedi yozizira amapereka nchito yooneka bwino tsiku loyamba, koma mng'alu watsopano umabadwa m'mbali mwa coochereraco. Mng'alu wautali wolowa m'njira za madzi ndiwo mapeto a hediyo, ndipo makanika woona mtima amanena zimenezi mwini lole asanataye ndalama zina.

KUPERA MAVALAVU

Hedi ikabwerako, nchito yotsala imafuna kuleza mtima koposa zida. Valavu iri yonse imayenda m'kapaipi kace kochedwa gaidi. Makanika amailowetsa, amaikweza pang'ono ndi kuigwedeza. Ikagwedera, oilo adzatsikira m'silinda ndipo valavuyo sidzakhala bwino pa mpando wace. Magaidi akutha amasinthidwa mipando isanadulidwe, cifukwa cida codulira mpando cimatsamira pa gaidi kuti cipeze pakati peni-peni. Valavu yopsa, yokhota kapena imene mkombero wace wacepa mpaka kukhala wakuthwa ngati mpeni imatayidwa, pakuti mkombero wotere umafiira ndi moto ndi kusungunuka. Masipuling'i amaimikidwa pamodzi pa galasi, ndipo imene yafupika kapena kupendekeka imaonekera yokha.

Mipando yambiri imadulidwa pa madigiri 45, ina pa 30, ndipo mzera pamene valavu ikhudza mpando uyenera kukhala wa milimita imodzi ndi theka kapena awiri. Ukacepa, valavu imasowa potayira kutentha kwace; ukakula, mwaye umakhazikikapo ndipo valavu sitseka. Pomaliza ndi kupera. Phala la mcenga wosalala limapakidwa pa mkombero, kamtengo ka mphira kumapeto kamamatidwa pa mutu wa valavu, ndipo makanika amakapukusa pakati pa zikhato zace monga momwe makolo anali kupekera moto, ali kukweza ndi kutembenuza valavuyo kawiri-kawiri. Amayamba ndi phala lokhakhala, amatsiriza ndi losalala. Pa injini ya masilinda asanu ndi imodzi mavalavu alipo 12, ndipo nchitoyi ingathe kudya tsiku. Anyamata ophunzira amakonda kumangirira valavu ku dirilo ya magetsi kuti afulumire, koma kuzungulira kwa mbali imodzi kumalemba mizera pa mpando. Mzera wotuwa wosaduka ukazungulira valavu yonse, mavalavu amamangidwa ndi masipuling'i ace, palafini amathiridwa m'njira za mpweya ndi za utsi, ndipo makanika amayang'ana ngati adzaturukira ku nkhope. Phala lonse liyenera kutsukidwa mosamala, pakuti lotsala lidzapitiriza kupera m'kati mwa injini.

Eni malole ocepa a petulo, monga Bedford ya injini ya 300, ali ndi bvuto lina. Petulo wakale anali ndi mtovu umene unali kuchinjiriza mipando ya mavalavu a utsi. Petulo wotere analetsedwa cifukwa mtovu umaononga ubongo wa ana, ndipo dziko lomaliza kumgulitsa, Algeria, linaleka mu 2021. Hedi yakale ya petulo imene imagwira nchito yolemetsa imafuna mphete zolimba pa mipando ya utsi, apo ai mavalavu adzamira pang'ono-pang'ono m'citsulo.

KUBWEZERA PA INJINI

Buloko nayo imapimidwa ndi rula yomweyo, ndipo mabowo a mabauti amaumitsidwa, cifukwa madzi kapena oilo wotsalira pansi pa bowo amanamiza sipanala ndipo angathe kung'amba buloko. Gasiketi imakhala yatsopano nthawi zonse, ndipo mbali yolembedwa imayang'ana kumene fakitale inanena. Mabauti amamangidwa kuyambira pakati kumka kumapeto, katatu kapena kanai, mphamvu iri kuonjezedwa pang'ono-pang'ono ndi sipanala yopima mphamvu, toki renchi. Paipi yaitali yolumikiza ku sipanala wamba ndi mnyamata wamphamvu kumapeto kwace zaononga hedi zambiri zimene zinali zitasikimidwa bwino. Mipata ya mavalavu imachedwa ndi fila geji, ndipo pa injini zambiri zakale mabauti amayenera kumangidwanso injini itagwirako nchito, pakuti gasiketi imaphwa. Eni malole ambiri, poona kuti lole iri kuyenda bwino ndipo katundu ali kudikira, sabwereranso ku galaji pa tsiku limeneli.

Catsala ndi cimene cinayambitsa matenda. Hedi siwira yokha. Rediyeta yotsekeka ndi matope m'kati kapena ndi udzu ndi mankhusu kunja, lamba wa fani wolephuka, pampu ya madzi yakutha, cotsekera ca rediyeta cimene mphira wace unauma, mainjekita odontha ndi katundu wopitirira muyeso, zonsezi ziyenera kuonedwa lole isanaturuke. Cizolowezi cocotsa thamositati, poganiza kuti dziko lotentha silimfuna, ncofala kwambiri. M'miyezi yozizira ya June ndi July injini yopanda thamositati imacedwa kutentha ndipo imatha msanga, ndipo pa injini zina kucotsa thamositati kumasiya potseguka njira yacidule imene imabweza madzi m'injini osadutsa mu rediyeta.

Madzi eni ace ndiwo amaiwalika koposa. A mu mtsinje amabwera ndi matope, ndipo a m'zitsime zina zakuya amasiya zoyera zija zimene zimamatirira m'tinjira ta hedi ndi kuletsa kutentha kuturuka. Mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta, amene amaletsa dzimbiri, amagulitsidwa m'masitolo a masipeya ndi pa malo omwetsera mafuta. Amene sangathe kuwagula nthawi zonse angakinge madzi a mvula mu dramu loyera la pulasitiki kuyambira November, kulibvundikira, ndi kunyamulako zigubu ziwiri kuseri kwa mpando pa ulendo uli wonse.